Chilumba Chimene Bambo Anasankha

Bambo anga, a Nathaniel Mwale, sayamba tsiku asanamve amene atisiya. M'mawa uliwonse, nkhuku zikangotuluka m'khola, amakhala pakhonde wailesi ili pamwendo, kumvera mauthenga a maliro. Nsapato zawo zakuda zimakhala pambali, zopukuta kale. Likatchulidwa dzina la mudzi wa kwa Dzoole, ku Bowe kapena kwathu kuno ku Malomo, amakweza chala kuti tonse tikhale chete, ngakhale kuti pakhomo ponse amene amakhala akuyankhula ndi iwo omwewo. Mauthenga akatha popanda dzina lodziwika, amabwezera nsapatozo kunsi kwa bedi, n'kuvala majombo, ulendo wa kumunda. Amayi amati tsiku lotere bambo amayenda ngati munthu amene minibasi yamusiya. Bambo amati amayi amakonda kukokomeza.

Kwa bambo, munthu amayenda chifukwa kwagwa zovuta, kapena wina wagonekedwa m'chipatala, kapena fodya wafika ku okushoni. Ukwati amauvomerezanso, koma monyinyirika, chifukwa ku ukwati anthu amachedwa ndi kuvina. Sukulu anailekera Sitandade 8, chaka chimene agogo anamwalira n'kuwasiyira munda, alongo awiri ndi ng'ombe imodzi yokalamba. Chiyambire pamenepo akhala akulima fodya wa bale m'mphepete mwa phiri lomweli. Lilongwe amene amamudziwa ndi wa ku Kanengo kogulitsa fodya. Nyumba zazitali za m'tauni anangozionera pamwamba pa lole. Nyanja anaiona kamodzi ali mnyamata, ataima pamwamba pa phiri la Ntchisi tsiku lopanda nkhungu. Amati inkaoneka ngati lata latsopano limene wina waliiwala kutali.

Chimene amanyadira koposa fodya ndi udindo wawo ku tchalitchi. Akhala mkulu wa mpingo wathu wa CCAP kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mgonero ukayandikira amawenga zikhadabo Loweruka, Lamulungu n'kuvala jekete yawo ya buluu, ndipo ndi iwo amene amayenda ndi mbale ya mkate kumbali ya azibambo. Amayenda pang'onopang'ono, mbale m'manja awiri, ngati yadzaza madzi. Ndinawamvapo akuuza amayi kuti mlimi angathe kulephera chaka chimodzi n'kudzukanso chaka chinacho, koma tsiku limene anthu adzazengereze kutola mkate m'mbale imene wanyamula, ndiye kuti watha.

Mu Julayi chaka chatha asisi anga a Luckness anaimba foni. Iwo ndi namwino ku Lilongwe, ndipo amuna awo, a Godwin, amagwira ntchito mu ofesi. A Godwin ndi mkamwini waulemu wodetsa nkhawa. Zaka khumi zatha ali pabanja, koma akafika kwathu amanjuta patali n'kuwomba m'manja, ndipo chilichonse chimene akufuna kuuza bambo chimadzera mwa asisi. Foni yokhayo yomveka bwino pakhomo pathu ndi yanga, choncho ndinaiika pamphasa pomwe tinkaswa mtedza, ndi kuikweza mawu kuti tonse timve.

"Bambo, a Godwin akuti mu Ogasiti muno, ana akatsekera, tipite tonse ku chilumba. Inuyo, amayi, Abigail ndi ifeyo. Sabata imodzi. Zonse za ulendo aona ndi iwo."

Bambo anasiya mtedza. "Kwagwanji ku chilumbako?"

"Sikunagwe kanthu. Kukapuma basi."

"Wadwala ndani?"

"Palibe wadwala, bambo. Ndi holide."

"Holide ndi ya ana asukulu. Nanga tikukaona yani kumeneko?"

"Nyanja."

"Nyanjayo ikutidziwa?"

Asisi anaseka mpaka foni inalira ngati yathyoka. Kenaka anafotokoza kuti zilumba zake ndi ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, ndipo a Godwin akuti asankhe ndi bambo, chifukwa ndiwo akuluakulu. Tikakwera galimoto yawo mpaka ku Nkhata Bay, kumeneko n'kukwera sitima. Yankho linkafunika pasanathe milungu iwiri, kuti a Godwin apezeretu malo ogona.

Kukana kunali kosatheka. Mkamwini akakupatsa chinthu kudzera mwa mwana wako, iwe n'kubweza, ndiye kuti wanena poyera kuti sumuwerengera. Bambo anati, "Muwathokoze kwambiri. Tiganize kaye." Foni itadulidwa anafunsa amayi ngati a Godwin sanalakwe kanthu kuntchito, chifukwa munthu wamtendere sangofuna kuthawira pakati pa madzi.

Masana otsatira, mtedza uli pamphasa, ine ndinkawerenga pa foni za zilumbazo, iwo akufunsa.

"Ku Likomako amalima chiyani?"

"Akuti chinangwa, bambo. Kwambiri ndi asodzi."

"Chimanga?"

"Pang'ono. Kuli miyala ndi milambe."

"Nanga ku Chizumulu?"

"Chimodzimodzi. Kungoti nkochepa. Akuti munthu angathe kuchizungulira chonse wapansi tsiku limodzi, n'kutsala ndi nthawi."

"Ndiye tikachizungulira Lolemba, Lachiwiri tizidzatani?"

Amayi, a Kezia, amene bambo amawaitana Nankhoma, anali ndi funso limodzi lokha: ndi kuti kumene munthu amatsikako msanga m'sitima? Nditawauza kuti kuchokera ku Nkhata Bay sitima imayamba yaima ku Chizumulu, anati iwo asankha kale. Asisi a Luckness ankafuna Likoma. Ankatumiza zithunzi za mchenga woyera, za malo ogona alendo, ndi za tchalitchi chachikulu cha Angilikani chimene anamanga kalekale. Bambo anachiyang'anitsitsa chithunzi cha tchalitchicho, foni ili patali ndi maso, n'kuvomereza kuti njerwa zake anaziyala bwino. Koma nditanena kuti alendo amapita kukachiona, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Tchalitchi amapempheramo, Abigail. Choonerera ndi mpira."

Mpaka apa zinali zoseketsa chabe, ndipo ndikuganiza kuti mumtima bambo ankasangalala kuti aliyense akudikira mawu awo. Zinasintha tsiku limene anandiuza kuti ndiwaonetse mapu. Ndinakulitsa ndi zala. Zilumba ziwirizo zinaoneka ngati timbewu tiwiri tagwera m'beseni, kutali ndi gombe lathu.

"Nanga dziko lili pafupi nazoli ndi liti?"

"Ndi Mozambique, bambo."



Kwathu kuno, mlimi wa fodya akapita kutali popanda chifukwa chomveka, makamaka cha kumalire a Mozambique, anthu savutika kufunsa. Amadziwa okha kuti wapita kwa sing'anga kukakhwima, kukatenga mankhwala oti fodya wake azilemera pa sikelo, wa anzake azipsa m'munda. Ndipo chaka chimenecho, ngati zochita kupangana, fodya wa bambo anachita bwino kuposa wa wina aliyense m'mudzi. Mabelo onse anagulidwa tsiku limodzi, osabwezedwa ngakhale limodzi.

Bambo ankadziwa bwino mmene nkhani zotere zimayendera, chifukwa ina anaiyendetsapo okha. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, a Benjamini Mbewe, mlimi mnzawo wa kutsidya kwa dambo amene anakulira naye limodzi, anasowa milungu iwiri atangogulitsa fodya. Atabwera anangoti anali kunyanja. Chaka chotsatira anagula ngolo. Bwalo la akulu a mpingo linawaitana, ndipo amene anafunsa mafunso ambiri anali bambo. Kunyanja kwake kuti? Kwa yani? A Benjamini anangokhala chete, chipewa pabondo. Anawaimitsa mgonero chaka chathunthu. Chilango chinatha, koma kuyambira pamenepo amakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, ndipo akakumana ndi bambo panjira amangoti "zikomo" ngati akudutsa mlendo.

Nkhani ya ulendo wathu sindikudziwa kuti inatuluka bwanji. Mwina amayi anafunsa wina ngati pa sitima pamakhala chimbudzi. Lachinayi ndili pa mjigo ndinamva amayi awiri akukambirana, ndowa zawo zili patsogolo pa yanga.

"Akuti banja lonse. Ndi mkamwini yemwe."

"Ee, mankhwala ena amafuna onse a pakhomo akasambe."

"Mabelo onse tsiku limodzi, inu! Mphamvu yake ikatha amayenera kukawonjezera."

"Komatu mkulu wa mpingo."

"Ndiye amene amadziwa kubisa amenewo."

Anandiona ndowa zitadzaza. Mmodzi anati, "Abigail, wakula bwanji mwanawe," ndipo anandithandiza kusenza.

Sindinawauze bambo, koma sizinafunike. Loweruka kunali maliro kwa Dzoole. Bambo sachoka pamaliro manda asanakwiriridwe ndi mawu onse kuyankhulidwa, koma tsikulo anabwera dzuwa lili pamutu. Anakhala pakhonde ndi nsapato zomwe. Patapita nthawi anauza amayi kuti ali pansi pa mtengo ndi azibambo anzawo, wina anawagwira pa bondo n'kunena kuti, "A Mwale, mukapita mukatitengereko kakang'ono, kothira mu nazale." Onse anaseka. Iwonso anaseka. Koma pamene mbusa wa pamaliropo anafuna mkulu wa mpingo woti atseke ndi pemphero, anthu analoza wina.

"Mwina sanakuoneni," anatero amayi.

"Ndinali pa benchi yakutsogolo, Nankhoma. Nditavala jekete."

Lolemba anapalasa njinga kupita kwa abusa athu kukapempha kalata ya ulendo, ija mkhristu amatenga akamapita kwina kuti mpingo wa kumeneko umulandire. Anaganiza kuti kalatayo ikawerengedwa m'tchalitchi anthu akhala chete. Abusa athu ndi achinyamata, anaphunzira ku Zomba. Bambo atabwera anafotokoza kuti abusawo anafunsa kuti kalatayo ailembe kupita kwa yani, ndipo pa chifukwa cha ulendo alembepo chiyani. Abusa anati alemba kuti "kukapuma", popeza kupuma si tchimo, ngakhale Mulungu anapuma.

"Ndinawauza kuti Mulungu anapumira pomwepo pamene ankagwirira ntchito, sanakwere sitima," anatero bambo. "Iwo akuseka. Akuti ndisamvere za anthu. Ndati abusa, inu adzakusamutsani zaka ziwiri zikubwerazi, ine adzandiika pompano."

Zitatero anayamba kusakasaka munthu. Maganizo awo anali akuti chilumba chilichonse chimene kungapezeke munthu womudziwa, kaya wachibale, kaya mnzawo wa mnzawo, ndicho chimene tipiteko. Munthu wokamuona akakhalapo, ulendo ndi ulendo. Umanyamula nkhuku, umafika, umalonjeredwa, ndipo pobwera uli ndi moni woti upereke. Anakumbukira a Howard, mphunzitsi wawo wa Sitandade 6, amene ankamveka kuti anawatumiza ku Likoma kalekale. Anayenda mpaka ku Bowe kukafunsa kwa abale awo, n'kumva kuti a Howard anabwerako, anakalambira ku Mponela, ndipo pamaliro awo bambo analipo. Anafunsa munthu wogulitsa usipa pa msika wa Malomo ngati ali ndi abale ku zilumba. Iye anati, "Ine nsombazi ndimapikula ku Nkhotakota, bambo. Madzi ndimaopa kuposa inu." Bambo anagula usipa wosafunika pakhomo chifukwa cha manyazi.

Asisi ankaimba tsiku lililonse. Ana awo ankatumiza mawu pa foni, "Agogo, Likoma! Agogo, Likoma!" Yankho linkafunika Loweruka.

Lachisanu masana bambo anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chachilendo, chimene chinkabwera amayi akayandikira n'kuleka akapita kuseri kwa nyumba. Anafunda bulangeti pakhonde dzuwa likuswa mtengo, n'kunena motsitsa mawu kuti mwina mphepo ya panyanja siingawayanje.

Amayi anaika lichero pansi. "Bambo a Luckness, mwana wanuyo ndi namwino. Mukamuuza kuti mwadwala, mawa lomweli afika ndi jakisoni. Ndipo mkulu wa mpingo wonama ndi mkulu wa mpingo wokhwima, sindikudziwa amene ali bwinoko."

Chifuwa chinatha. Bambo anachotsa bulangeti n'kulipinda bwinobwino.

"Ndiye nditani, Nankhoma? Ndikakana, ndanyoza mkamwini. Ndikapita, mbale ija ndaisiya. Pa zilumba ziwiri zonsezi palibe ngakhale munthu mmodzi wa ku Malomo?"

Amayi anapeta mtedza kangapo asanayankhe. "Alipo."

"Ndani?"

"Susana."

"Susana wake uti?"

"Wa a Benjamini."

"Ameneyo ali ku Mzuzu, amagwira ntchito m'sitolo."

"Ku Mzuzu anakhalako miyezi itatu. Anakumana ndi msodzi wa ku Chizumulu, anatengana popanda ankhoswe, popanda kalikonse. Atabereka mwana woyamba anadwala kwambiri. Ndi kumene anapita a Benjamini chaka chija, kukaona mwana wawo ndi kukambirana ndi akuchimuna. A Tabita anandiuza okha sabata yomweyo, akulira, tikuchokera ku Chigwirizano."

A Tabita ndi akazi a a Benjamini, ndipo Chigwirizano ndi gulu la amayi a mu mpingo. Bambo anadzambatuka pampando.

"Zaka zisanu ndi zitatu! Bwanji osandiuza?"

"Munandifunsa? Inu munkafunsa a Benjamini."

"Munthu tinamuimitsa mgonero, Nankhoma!"

"Munamuimitsa ndinu. Ine ndinalonjeza mnzanga kuti sindinena, ndipo sindinanene. Leronso ndikanakhala chete, koma chifuwa chanuchi chandimvetsa chisoni."

Bambo anazungulira nyumba kawiri. Anakaima pa khola la mbuzi nthawi yaitali ngati akuziwerenga nthiti. Atabwera anandiuza kuti mawa ndigwire nkhuku yathadzi yaikulu ija, ndiwaperekeze kutsidya kwa dambo, ndipo nditenge foni kuti mwina pangafunike kulemba nambala.

Tinawapeza a Benjamini ali pamwamba pa chigafa, chisakasa choyanikamo fodya, akusasula udzu wakale. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu zoyera, wamaso oseka ngakhale pakamwa pasakuseka. Anatiyang'ana tikubwera kuyambira kudambo koma sanatsike mpaka bambo ataodira kachiwiri.

"Ee, ndi akuluakulu a mpingo! Tabita, tulutsa mpando wabwino uja, kwabwera bwalo."

"Sindinabwere za bwalo, a Mbewe."

"Ndiye mwabwera kudzatsanzika. Ndamva mukupita kunyanja. Mukufuna ndikulozereni njira? Paja katswiri wake ndine."

Bambo anavula chipewa. Ine ndinapereka nkhuku kwa a Tabita n'kukhala nawo pamphasa. Analonjerana mwadongosolo, za kunyumba, za mbuzi, za chimfine cha chaka chino. Kenaka bambo anati, "Ndamva kuti Susana ali ku Chizumulu."

A Benjamini anayang'ana akazi awo. A Tabita anayang'ana nkhuku.

"Yayenda pang'onopang'ono nkhaniyi," anatero a Benjamini. "Kuchoka pano kufika kwanu, zaka zisanu ndi zitatu. Nkhono ikanapita n'kubwerako."

"Bwanji simunanene tsiku lija?"

"Munandifunsa ngati wapolisi. Mukanabwera kuno n'kundifunsa ngati munthu amene tinkawotcha naye mbewa kubusa, ndikanakuuzani. Koma pabwalo, pamaso pa anthu khumi ndi awiri, ndinene kuti mwana wanga wathawa ndi msodzi? Mukanayamba ndi ine, kenaka Tabita mukanamuvula yunifolomu ya Chigwirizano. Ndinayesa milandu iwiriyo m'manja, ndinaona kuti wokhwima ndiwo wopepukirako."

"Nanga ngolo ija?"

"Ndinagulitsa nkhumba zonse. Imodzi munagula ndinu, a Mwale. Munadandaulanso kuti ndi yowonda."

A Tabita anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Bambo anatembenuza chipewa chawo kangapo.

"Ndinalakwa," anatero. Mawuwo anatuluka movutikira ngati chitseko cha nkhokwe yakale. "Ndinakulakwirani, a Mbewe."

"Mwalakwa lero, kapena munalakwa kale koma mwadziwa lero chifukwa moto wafika pa chigafa chanu?"

"Zonse ziwiri."

A Benjamini anaoneka kuti yankholo lawakomera. Anakhala pansi bwinobwino kwa nthawi yoyamba. "Chabwino. Nanga nkhukuyi ndi ya chiyani? Kupepesa kokha sikufika pa nkhuku yonenepa chonchi."

"Ndikufuna munditume."

"Ndikutumeni?"

"Kwa Susana. Kaya kalata, kaya kathumba ka mtedza. Chilichonse choti ndikapereke m'manja mwake, kuti ulendowu ukhale ndi mutu."

A Benjamini anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chawo chinali chifuwa chenicheni. "Tabita, ukumva? Mkulu wa mpingo akufuna ntchito ya mtengatenga!" Atapukuta misozi anati, "Komatu mukanena kuti ndakutumani kwa Susana, ndiye kuti mudzi wonse udziwa kumene ali."

"Udziwe," anatero a Tabita, osadikira kufunsidwa. "Ukwati anadalitsa kale kutchalitchi kwawo konko. Ana alipo atatu, wamkulu ali Sitandade 2. Ine ndatopa kunena kuti ali ku Mzuzu. Wina aliyense wopita ku Mzuzu ndimachita kumuthawa."

A Benjamini anakanda ndevu. "Ndikutumani. Koma mawa pa zolengeza munene nokha, ndi pakamwa panu, kumene ndinapita chaka chija. Osati mlembi, osati abusa. Inuyo."

"Ndinena."

"Ndipo kalata ayi. Tabita, kaonetse a Mwale katundu wawo."

A Tabita anatitsogolera kuseri kwa khitchini. Pamenepo panali mtondo wa mtengo wa muwanga, wakuda ndi ukalamba, wondifika m'chiuno. Unali wa amayi awo a a Tabita, ndipo Susana wakhala akuupempha chiyambire, chifukwa akuti mitondo ya kumeneko ndi yopepuka, imayendayenda posinja. Pambali pake anatsamiritsa misi iwiri yaitali kuposa ine.

Bambo anaugwira m'mphepete n'kuyesa kuunyamula. Mtondo sunasunthe. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi inatuluka, ndipo unadzuka pang'ono n'kukhalanso pansi.

"A Mbewe, kalata bwenzi itakwanira."

"Kalata imabisika m'thumba la jekete. Ndani angaione? Inu mukufuna chinthu choti anthu aone kuti mwatumidwadi. Kapena ndanama?"

A Benjamini sananame, choncho bambo anakatenga njinga yawo imene tinabwera nayo.

Tinaukweza pa njinga anthu anayi, n'kuumanga ndi zingwe za chubu. Podutsa padambo tayala lakumbuyo linatitimira kawiri. Bambo ankakankha kutsogolo, ine kumbuyo, misi ili paphewa panga, ndipo a Benjamini anaima pachulu akutilangiza mofuula mbali yoti tidzere. Sindinawaonepo akusangalala chotero.

Titafika kunyumba bambo anasamba m'manja, anakhala pampando, n'kundiuza kuti ndiimbire asisi.

"Luckness, uwauze a Godwin kuti ndasankha. Chizumulu."

"Chizumulu? Bambo, ku Likoma ndiye kuli malo abwino ogona, kuli tchalitchi chija, ana akufuna..."

"Ku Likoma tikudziwako yani?"

"Palibe, koma ndi holide, bambo, sitikupita kukaona munthu!"

"Inu simukupita kukaona munthu. Ine ndatumidwa. Ndipo uwauze kuti kumbuyo kwa galimoto asaikeko zikwama zambiri. Kukhala mtondo."

"Chiyani?"

"Mtondo. Wosinjira."

Kenaka tinamva asisi akunong'oneza, ndi mawu a a Godwin chapatali, aulemu ngati nthawi zonse: "Zikomo kwambiri, bambo. Nzabwino zedi. Malo apezeka." Asisi anati, "Abigail, uli pompo? Bwanji sunawaletse?" Ine ndinati netiweki ikuvuta.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Bambo anavala jekete ya buluu ngakhale kuti silinali la mgonero, n'kutulutsa njinga mtondo uli chimangire.

"Pa Sabata lomwe lino?" anafunsa amayi. "Mkulu wa mpingo kusenza katundu?"

"Si katundu, Nankhoma. Ndi umboni."

Anaikankha njingayo mpaka ku tchalitchi, osadzera njira yachidule ya m'minda koma ya mumsewu, yodutsa pa mjigo. Anaitsamiritsa pafupi ndi khomo, pomwe aliyense wolowa ankayenera kupatuka pang'ono kuti asagunde mtondo. Nthawi ya zolengeza itakwana, mlembi atatha za msonkhano wa achinyamata ndi za udzu wofolera nyumba ya mlonda, bambo anaimirira n'kupempha mawu. 

"Mpingo wa Ambuye, mwezi wamawa ine ndi banja langa sitidzaoneka Lamulungu limodzi. Tikupita ku chilumba cha Chizumulu. Atituma a Benjamini Mbewe ndi mayi Mbewe kwa mwana wawo Susana, amene ali pabanja kumeneko ndipo ali ndi ana atatu. Ndi komweko kumene a Mbewe anapita chaka chija, kukaona mwana wawo akudwala. Amene tinaganiza zina tinalakwa, ndipo woyamba kulakwa ndinali ine." Anapuma. Khanda lina linkayamwa mokweza. "Katundu amene tatumidwa mwamuona pakhomopo. Ndi mtondo umodzi ndi musi."

Ku benchi yakumbuyo kunamveka kukhosomola.

"Misi iwiri," anatero a Benjamini, osaimirira n'komwe. "Musakataye wina m'nyanja."

Mbali ya amayi ndiyo inayamba kuseka, kenaka tchalitchi chonse. Abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Bambo anadikira mpaka phokoso litatha, anatembenukira kwa mlembi, n'kunena kuti akonze: misi iwiri.